Mkuwa Ukutuluka, Ufa Ukulowa: Mkangano wa Ntchito za a Katumbi ku Katanga

Pachipata cha Kasumbalesa, pomwe dziko la Zambia limachita malire ndi dziko la DR Congo, katundu amayenda mbali ziwiri. Malole akuluakulu osenza mkuwa ndi kobalti amandandalika mtunda wa makilomita angapo kudikira chilolezo cholowera m'Zambia, pa ulendo wopita ku madoko a Dar es Salaam, Beira, Durban ndi Walvis Bay. M'mbali mwa malolewo, anyamata amakankha njinga zolemedwa ndi matumba a ufa wa chimanga kulowera kumpoto, kumene mabanja a ku Lubumbashi, Likasi ndi Kolwezi akudikira kuti aphike bukari, yomwe ndi nsima ya kumeneko.

Dera limene ufawo umapita linkatchedwa chigawo cha Katanga mpaka m'chaka cha 2015. Bwanamkubwa wake kuyambira 2007 mpaka 2015 anali Bambo Moïse Katumbi Chapwe. Papita zaka zambiri chichokereni iwo pa mpandowo, koma mkangano wa ntchito zawo sunazirale. Otsatira awo amati Katanga sinaonepo mtsogoleri wachitukuko ngati iwo. Adani awo pandale amati anali munthu wamalonda amene anagwiritsa ntchito udindo pokuza chuma chake ndi dzina lake. Chodabwitsa n'chakuti ena mwa amene akuwanyoza ndi omwewo amene ankawaimbira m'manja pamene anali m'chipani chimodzi.

Nkhaniyi ndi yofunika kwa alimi ndi ogwira ntchito zachitukuko m'madera, pakuti mkangano wotere umabuka paliponse pamene mtsogoleri watsika pampando. Funso lake ndi limodzi: kodi ntchito za mtsogoleri zimayezedwa bwanji pamene zipani zakoka chingwe mbali ziwiri?

Chigawo cholemera, anthu osauka

Katanga inali ndi malo okwana makilomita pafupifupi 497,000 m'litali ndi m'lifupi, kutanthauza kuti dziko la Malawi likanalowamo kanayi. Pansi pa nthaka yake pali mkuwa ndi kobalti wochuluka zedi. Chuma chimenechi ndicho chinakolezera nkhondo ya m'zaka za 1960 mpaka 1963, pamene a Moïse Tshombe anayesa kupatula chigawochi kuti chikhale dziko paokha.

M'zaka za m'ma 1980, kampani ya boma ya Gécamines inkakumba matani a mkuwa oposa 400,000 pachaka. Kenaka zinthu zinasokonekera. Mgodi waukulu wa Kamoto unagumuka m'chaka cha 1990, makina anatha osakonzedwa, ndipo nkhondo zinabwera motsatizana. Pofika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, mkuwa wokumbidwa ndi kampaniyi unali utatsika kwambiri. Anthu ochuluka anachotsedwa ntchito, ndipo ambiri anayamba kukumba miyala ndi manja n'kumagulitsa kwa amalonda amene ankaitumiza kunja yosayenga.

Umu ndi mmene a Katumbi anachipezera chigawochi. Iwo anabadwa m'chaka cha 1964, ndipo kwawo ndi ku Kashobwe, kufupi ndi nyanja ya Mweru. Mayi awo anali Mbemba, pamene bambo awo anali Myuda wochokera pachilumba cha Rhodes. Anayamba kulemera ndi malonda a nsomba ndi a mtengatenga, ndipo anakhalapo zaka zingapo ku Zambia akuchita malonda. Atabwerera kwawo analowa chipani cha PPRD cha Pulezidenti Joseph Kabila, ndipo kumayambiriro kwa 2007 aphungu a nyumba ya malamulo ya chigawo anawasankha kukhala bwanamkubwa.

Zimene owatamanda amawerenga

Choyamba chimene otsatira awo amatchula ndi lamulo limene anakhwimitsa atangolowa m'boma m'chaka cha 2007, loletsa kutumiza kunja miyala yosayenga. Cholinga chinali choti makampani amange mafakitale oyengera miyala m'chigawo momwemo, kuti ntchito ndi misonkho zitsale kwa eni nthaka. Mafakitale anamangidwadi. M'chaka cha 2013 dziko la DR Congo linapitirira Zambia n'kukhala dziko lokumba mkuwa wambiri mu Africa, ndipo mu 2014 linafika pa matani pafupifupi 1 miliyoni. Pafupifupi mkuwa wonsewo unachokera ku Katanga.

Chachiwiri ndi misewu. M'zaka zimenezi misewu yambiri ya mumzinda wa Lubumbashi inaikidwa phula, ndipo msewu waukulu wochokera ku Kasumbalesa kudutsa ku Lubumbashi ndi Likasi mpaka ku Kolwezi unakonzedwa, mbali ina ndi ndalama zolipiritsa magalimoto odutsa. Owatamanda amawonjezerapo sukulu ndi zipatala zokonzedwa, madesiki, maambulansi ndi mathirakitala.

Chachitatu chikukhudza alimi mwachindunji. Poona kuti chigawo chokhala ndi nthaka yachonde ndi mvula yokwanira chikudalira ufa wa ku Zambia, bwanamkubwayu analamula kuti kampani iliyonse ya migodi izilima mahekitala 500 a mbewu za chakudya, makamaka chimanga. Kumayambiriro kwa 2010 boma la chigawo linafika polengeza kuti makampani amene sanamvere aletsedwe kutumiza katundu wawo kunja. Uthenga umene a Katumbi ankaubwereza unali wakuti tsiku lina mkuwa udzatha, ndipo anthu adzafunikabe kudya.

Pamwamba pa zonsezi panali mpira. A Katumbi atsogolera timu ya TP Mazembe kuyambira m'chaka cha 1997. Timuyi inatenga chikho chachikulu cha makalabu a mu Africa mu 2009, 2010 ndi 2015, ndipo mu 2010 inakhala timu yoyamba ya mu Africa kufika mumpikisano wotsiriza wa chikho cha makalabu a dziko lonse, kumene inagonja kwa Inter Milan ndi zigoli 3 kwa 0. Osewera a ku Zambia monga Rainford Kalaba ndi Stoppila Sunzu anavalapo malaya a timuyi. Kwa anthu amene dziko lawo linkangotchuka ndi nkhondo, chipambano chimenechi chinali chonyaditsa kwambiri, ndipo ulemerero wake unagwera bwanamkubwa.

Zimene owatsutsa amawerenga

Owatsutsa amayamba ndi funso lakuti: kodi mvula ikagwa bwino, woyamikidwa ndi mfumu? Iwo amakumbutsa kuti makampani akuluakulu anabwera chifukwa cha lamulo la migodi la m'chaka cha 2002, lomwe linalembedwa ku Kinshasa mothandizidwa ndi Banki Yaikulu ya Dziko Lonse, a Katumbi asanalowe m'boma. Amakumbutsanso kuti mtengo wa mkuwa, umene unali pansi pa madola 2,000 pa tani mu 2003, unakwera mpaka kupitirira madola 10,000 kumayambiriro kwa 2011 chifukwa dziko la China linkagula wochuluka. Mtengowo utagwa kumapeto kwa 2008 kufika pa madola pafupifupi 3,000, mafakitale ang'onoang'ono ambiri ku Katanga anatsekedwa ndipo anthu anataya ntchito, bwanamkubwa ali pampando womwewo.

Chachiwiri ndi kusakaniza malonda ndi udindo. Kampani ya Mining Company Katanga, imene a Katumbi anaiyambitsa, inkagwira ntchito zofukula ndi kututa dothi m'migodi ikuluikulu ya m'chigawochi. Iwo ankanena kuti anasiya kuiyendetsa atalowa m'boma, koma owatsutsa ankati munthu sangakhale woyang'anira makampani a migodi pamene makampani omwewo akupereka ntchito kwa anthu a m'nyumba mwake. Pa mphatso za ndalama ndi katundu zimene ankagawa pamisonkhano, funso linali lakuti anthu adziwa bwanji chochokera m'thumba la boma ndi chochokera m'thumba la munthu.

Chachitatu ndi anthu amene chitukukocho chinawaponda. Mu Novembala 2009, apolisi anagwetsa nyumba mazanamazana m'mudzi wa Kawama, kufupi ndi mgodi wa Luiswishi kunja kwa Lubumbashi, pa ntchito imene ankati ndi yothamangitsa okumba miyala popanda chilolezo. Bungwe la Amnesty International linalemba mu 2014 kuti eni nyumbazo anali asanalandirebe chipukuta misozi. M'chaka chomwecho bungwe la UNICEF linayerekeza kuti ana pafupifupi 40,000 ankagwira ntchito m'migodi ya kum'mwera kwa dzikolo.

Chachinayi ndi madera akumidzi. Mu Seputembala 2011, mtsogoleri wa zigawenga Gédéon Kyungu Mutanga anathawa m'ndende ya Kasapa ku Lubumbashi pamodzi ndi akaidi pafupifupi 1,000. Dera la pakati pa Pweto, Mitwaba ndi Manono linasanduka bwalo la nkhondo, midzi inatenthedwa, ndipo alimi anasiya minda ndi nkhokwe zawo. Mu Malichi 2013 gulu la Bakata Katanga linalowa mumzinda wa Lubumbashi masanasana, ndipo anthu makumi angapo anafa. Pofika kumapeto kwa 2014, bungwe la UNHCR linati anthu othawa m'midzi yawo m'chigawochi anali pafupifupi 600,000. Owatsutsa amati phula linathera kumene kuli migodi, pamene wakumpoto anatsala ndi fumbi ndi mantha.

Tsiku limene nyimbo inasintha

Pa chisankho cha 2011 a Katumbi anathandiza a Kabila kupempha mavoti, ndipo m'zaka zimenezo chipani cholamula chinkaloza Katanga ngati chitsanzo cha ntchito zake. Zinthu zinatembenuka mu Disembala 2014. Atabwerako kunja kumene anakalandira chithandizo cha mankhwala, bwanamkubwayu analankhula kwa khamu la anthu ku Lubumbashi mophiphiritsa ndi chinenero cha mpira. Anafunsa ngati oonerera angakhale chete woyimbira atapereka penate yachitatu yokayikitsa, ziwiri zitaperekedwa kale. Aliyense anamva kuti akunena za mphekesera yakuti a Kabila akufuna kulamula kachitatu, zimene malamulo a dzikolo salola.

M'chaka cha 2015 boma linagawa dzikolo kuchoka pa zigawo 11 kufika pa 26. Katanga inaduka panayi: Haut-Katanga, Lualaba, Haut-Lomami ndi Tanganyika. A boma ankati akungokwaniritsa zimene malamulo a dziko a 2006 analamula kale, ndipo zimenezo zinali zoona. Otsatira a Katumbi ankafunsa chifukwa chimene ntchito yomwe inagona zaka zambiri inafulumizidwira nthawi yomweyo, ndipo funso lawonso linali lomveka. Pa 29 Seputembala 2015 a Katumbi anatula pansi udindo ndi kutuluka m'chipani cha PPRD.

Kuchokera pamenepo milandu inayamba kugwa ngati matalala. Mu Meyi 2016 anawaimba mlandu wolemba ntchito asilikali aganyu ochokera kunja, ndipo anatuluka m'dzikolo kukalandira mankhwala. Mwezi wotsatira khoti linawagamula kuti akakhale kundende zaka 3 pa mlandu wa nyumba ina ya ku Lubumbashi, iwo kulibe. Patangopita milungu yochepa, woweruza wa mlanduwo, Mayi Chantal Ramazani, ananena poyera kuti anakakamizidwa kusaina chigamulocho, ndipo anathawira kunja. Mu Ogasiti 2018 a Katumbi anafika pachipata chomwe chija cha Kasumbalesa kuti akalembetse dzina lawo pa chisankho cha pulezidenti, koma sanaloledwe kulowa. Chigamulo chija chinafafanizidwa mu Epulo 2019, a Félix Tshisekedi atalowa m'boma, ndipo pa 20 Meyi chaka chomwecho anabwerera ku Lubumbashi.

Nyimbo inasinthanso kawiri pambuyo pake. Chipani chawo cha Ensemble pour la République chinalowa mumgwirizano wa boma la a Tshisekedi, kenaka chinatulukamo kumapeto kwa 2022. Pa kampeni ya chisankho cha Disembala 2023, a Katumbi ankayenda m'dziko lonse akulonjeza kuchita zimene anachita ku Katanga, pamene opikisana nawo ankataya nthawi yochuluka pa nkhani ya mtundu wa bambo awo ndi unzika wawo kusiyana ndi pa ntchito zawo. Zotsatira zolengezedwa zinapatsa a Tshisekedi mavoti pafupifupi 73 pa 100 alionse ndipo a Katumbi pafupifupi 18, ngakhale kuti iwo ndi otsutsa ena anakana zotsatirazo.

Pa zaka zonsezi msewu wa ku Kolwezi sunatalike kapena kufupika, ndipo nyumba za ku Kawama sizinadzimange zokha. Chimene chinkasintha ndi mbali imene wolankhula waima.

Kupeta mankhusu

Munthu wofuna chilungamo pa mkanganowu ayenera kuyamba ndi kulekanitsa zimene zinali m'manja mwa bwanamkubwa ndi zimene sizinali. Ku DR Congo asilikali amalamulidwa kuchokera ku Kinshasa, ndipo zilolezo za migodi ikuluikulu zimaperekedwanso komweko. Choncho n'kovuta kusenzetsa bwanamkubwa yekha mlandu wa nkhondo ya ku Mitwaba, monganso n'kovuta kum'patsa yekha ulemu wa matani 1 miliyoni a mkuwa. Wotamanda amene akufuna kutenga mkuwa wonse ayenera kuvomera kutenganso othawa nkhondo onse. Wotsutsa amene akuti mkuwa unabwera ndi mtengo wa ku msika wa dziko lonse ayenera kuvomeranso kuti mfuti sizinali m'manja mwa chigawo.

Pali nkhani inanso ya ndalama. Malamulo a dziko a 2006 amati zigawo zizisunga ndalama 40 pa 100 zilizonse za misonkho ya dziko yotoleredwa m'dera lawo. Lamuloli silinatsatidwe mokwanira: ndalama zinkapita kaye ku Kinshasa, ndipo zobwerera zinkachepa ndi kuchedwa. Zimenezi zinakakamiza boma la Katanga kukhazikitsa misonkho yakeyake, monga wa misewu ndi wa miyala yoyengedwa mwatheka. Apa ndi pamene bwanamkubwa ayenera kuyankha yekha, chifukwa kutolera ndi kugwiritsa ntchito ndalama zimenezi kunali m'manja mwake. Kuletsa miyala yosayenga, kusankha misewu yoyamba kukonza, kuteteza kapena kusateteza mudzi umene ukugwetsedwa pakhomo pa likulu la chigawo, zonsezi ndi zake, zabwino ndi zoipa zomwe.

Muyezo wachiwiri ndi wakuti: kodi ntchitoyo inatsala mwini wake atachoka? Apa nkhani ya chimanga ikuphunzitsa zambiri. Mlimi aliyense angathe kuwerengera yekha. Munda wa mahekitala 500 utalimidwa bwino n'kupereka matani 5 pa hekitala, zokolola zake ndi matani 2,500, omwe ndi matumba 50,000 a makilogalamu 50. Makampani 20 atamvera onse, angakolole matani 50,000. Koma anthu 1 miliyoni okha, aliyense atadya makilogalamu 100 pachaka, amafuna matani 100,000, ndipo mzinda wa Lubumbashi wokha uli ndi anthu oposa pamenepo. Lamulo lija linali ndi nzeru, ndipo linakumbutsa anthu kuti mkuwa saphika, koma silikanatha kudyetsa chigawo popanda alimi ang'onoang'ono. Iwowa amafuna mbewu yabwino, feteleza wofika pa nthawi yake, mlangizi, msewu wa kumudzi wodutsika m'dzinja, msika wodalirika ndi mtendere woti akolole zimene anadzala.

Umboni wake unaoneka m'chaka cha 2023, pamene Zambia inachepetsa ufa wotuluka m'dzikolo pofuna kuteteza anthu ake. Mtengo wa thumba la ufa ku Lubumbashi unakwera kwambiri, ndipo akuluakulu a boma la DR Congo anachita kuyenda m'maiko oyandikana nawo kukafunafuna chimanga. Otsatira a Katumbi anati izi zachitika chifukwa olowa m'malo mwawo anataya ndondomeko yawo ya ulimi. Owatsutsa anati ndondomekoyo inali ya munthu mmodzi, yopanda mizu, n'chifukwa chake inafota iye atachoka. Mbali zonse ziwiri zikuvomereza mosazindikira chinthu chimodzi: ntchito imene yatsamira pa mphamvu za munthu mmodzi imagwa munthuyo akasuntha. Akuluakulu anati mutu umodzi susenza denga.

Phunziro kwa a m'madera

Maiko a kuno amasiyana pa kayendetsedwe ka zigawo. Ku Zambia nduna ya chigawo imasankhidwa ndi pulezidenti. Ku Mozambique, kuyambira chisankho cha 2019, abwanamkubwa a zigawo monga Tete ndi Niassa amachokera m'mavoti a anthu. Ku Malawi mphamvu zachitukuko zinaperekedwa ku makhonsolo a maboma. Komabe mkangano wake ndi wofanana: wina aloza mjigo, wina aloza mlatho wosatha, ndipo aliyense amasankha choloza malinga ndi nsalu ya chipani imene wavala.

Komiti ya chitukuko ya m'mudzi, kalabu ya alimi kapena mlangizi wa m'dera angathe kudziteteza ku phokoso limeneli posunga kaundula wawowawo. M'kaundulamo alembe zimene mtsogoleri analonjeza ndi tsiku lake, zimene zinachitikadi, kumene ndalama zinachokera, amene anapindula ndi amene anasamutsidwa kapena kuiwalidwa. Alembenso mtengo wa thumba la chimanga m'mwezi wa Febuluwale chaka chilichonse, masiku amene mjigo unakhala wosagwira ntchito, ndi mwezi umene feteleza anafika. Mphatso yochokera m'manja mwa mtsogoleri ailandire ndi ulemu, koma afunse ngati ili m'ndondomeko ya chuma cha boma, chifukwa chokhacho chimene chili m'ndondomeko ndicho angathe kudzachifunsanso kwa wolowa m'malo mwake. Paja fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Kaundula wotere akadakhalapo m'midzi ya Katanga, bwenzi akuonetsa mtsogoleri amene anagwira ntchito zooneka kuposa ambiri a m'nthawi yake, amene anakana kuti malamulo a dziko apindidwe ndipo analipira mtengo wake, koma amenenso sanalekanitse bwinobwino malonda ndi udindo, ndipo sanafikitse chitukuko kwa mlimi wa ku Manono monga anachifikitsira kwa woyendetsa galimoto wa ku Lubumbashi. Palibe chipani chimene chingakondwere ndi chithunzi chonsecho, chifukwa chilichonse chimafuna theka lake lokha.

Ku Kasumbalesa malole akupitirirabe kulowera kum'mwera ndi mkuwa, ndipo njinga zikukankhidwabe kulowera kumpoto ndi ufa. Tsiku limene mayi wa ku Likasi adzaphike bukari ya chimanga cholimidwa ku Kaniama kapena ku Kasenga chaka ndi chaka, pa mtengo umene angaukwanitse, anthu a kumeneko adzakhala ndi muyezo wabwino woyezera atsogoleri awo onse, akale ndi atsopano omwe.